Mimba yotupa si pakati nthawi zonse

ZIMAYAMBA ndi siketi ya yunifomu imene yaleka kumangika m'chiuno. Taganizani mtsikana wa zaka 11 kapena 12, wa ku Mitande, ku Itepela kapena m'makwalala a Cuamba, amene mwezi wathawu ankadumpha chingwe ndi anzake, koma lero mimba yake yatukuka ngati ya munthu wa pakati pa miyezi isanu. Amai ake aona, akhala chete masiku awiri, kenaka aitana azakhali ndi anamkungwi. Mwanayo amukhazika pa mphasa kuseri kwa nyumba, ndipo funso limakhala limodzi lokha: "Tiuze iwe, mwamuna wake ndani?"

Mwana akana, alira, alumbira. Akuluakulu ati ndi mwano. Pasanathe milungu itatu ayamba kudandaula mutu, makamaka m'mamawa, ndipo asanza ngakhale sanadye kanthu. Tsiku lina adzuka chikope cha diso limodzi chitagwa, disolo likuyang'ana kumbali, ndipo akuti akuona anthu awiri pamene paima munthu mmodzi. Apa nkhani ya pakati ija imaiwalika, m'malo mwake mumalowa dzina la munthu wina wa m'mudzi amene anayambana ndi banjalo chaka chatha pa za malire a munda.

Kwa abale awa ndi mavuto awiri, loyamba la manyazi, lachiwiri la ufiti. Koma kwa dotolo amene waona zotere, mimba yotupayo ndi diso lakugwalo zikhoza kukhala nthenda imodzi yomweyo: khansa imene yamera m'mazira a mwanayo ndipo tsopano yakwera kufika pa nembanemba zokuta ubongo. Si nthenda ya tsiku ndi tsiku ai, nchifukwa chake imadutsa anthu ambiri m'maso. Chofunika kudziwa nchakuti mwa ana ndi atsikana khansa zina zotere zimachizika, koma nthawi yake imawerengedwa m'masiku, osati m'miyezi.

Mazira ndi nembanemba

Mkazi ali yense ali ndi timatumba tiwiri tosunga mazira, kena kumanja kena kumanzere kwa chiberekero, ndipo mwa munthu wamkulu kali konse kamakula ngati dzira la nkhunda. Anthu amangoti mazira. Khansa ya m'mazira njosiyana ndi khansa ya khomo la chiberekero imene imalengezedwa kawirikawiri. Kuyeza kopaka viniga kumene amai amachita ku sikelo kumaona khomo la chiberekero lokha, sikufika ku mazira. Chimodzimodzinso katemera wa HPV, amene boma la Mozambique linayamba kupereka kwa atsikana a zaka 9 m'chaka cha 2021, amateteza khomo la chiberekero osati mazira. Zonse ziwirizi nzabwino ndipo nzofunika, koma mai amene anauzidwa kuti "muli bwino" atamupaka viniga asaganize kuti mimba yake yotupa ilibe kanthu.

Za nembanemba, ali yense amene anaswapo mutu wa mbuzi pa ukwati kapena pa sadaka akudziwa kuti ubongo sukhala pa fupa penipeni. Pamakhala kachikopa kolimba komatirira ku chigaza, ndipo pansi pake pali nembanemba zina ziwiri zopyapyala kwambiri. Mwa munthu ziri chimodzimodzi. Zitatuzi zimakuta ubongo n'kutsika ndi mtsempha waukulu wa m'kati mwa msana mpaka m'chiuno. Pakati pa ziwiri zopyapyalazo pamayenda madzi oyera mbee ngati a pa kasupe. Madziwa sachuluka, mwa munthu wamkulu amakwana mamililita 150, osadzaza ngakhale kapu ya tiyi, koma thupi limapanga atsopano pafupifupi theka la lita tsiku liri lonse, akale n'kumabwerera m'magazi.

Pakati pa magazi ndi ubongo palinso ngati mpanda umene umaletsa zinthu zoopsa kulowa. Tsoka lake nlakuti mpanda womwewo umatsekerezanso mankhwala ambiri a khansa. Maselo a khansa akangopeza polowera, kudzera m'magazi, m'mitsempha ya m'mbali mwa msana kapena potsata minyewa, amakhala ngati nkhuku imene yalowa m'nkhokwe chitseko n'kutsekeka. Amayandama m'madzi aja, n'kumakhazikika apa ndi apo monga amachitira matope madzi osefukira akaphwa. Akakhala pa minyewa ya diso, diso limagwa. Akakhala pa ya nkhope, pakamwa pamapotoka, kapena mlomo wa m'munsi ndi chibwano zimachita dzanzi. Akatsikira kunsi kwa msana, miyendo imalemera ndipo mkodzo umakanika kutuluka kapena umangotuluka wokha. Akatseka njira yotulukira madzi aja, madziwo amapanikiza ubongo, ndiye gwero la mutu wosamva panado ndi kusanza kwa m'mawa. Zizindikiro zimabwera mobalalika chonchi, lero diso, mawa khutu, mkuja mwendo, ndipo kubalalika kumeneku ndi kumene kumapangitsa anthu kunena kuti nthenda ya Mulungu siyenda chotere.

Amai aakulu, atsikana achisodzera

Bungwe lofufuza za khansa la IARC, limene liri pansi pa WHO ndipo likulu lake liri ku Lyon m'dziko la France, linawerengera kuti m'chaka cha 2022 akazi oposa 320,000 pa dziko lonse anapezeka ndi khansa ya m'mazira, ndipo oposa 200,000 anamwalira nayo. Pa odwala khumi ali onse, pafupifupi asanu ndi anai amakhala ndi mtundu umene umagwira kwambiri amai opitirira zaka 50, amene anasiya kusamba. Umenewu umabwera mwakachetechete. Mai amakhuta msanga atangodya mbamu ziwiri zitatu, mimba imakhala yodzadza, amakodza pafupipafupi, chinena chimawawa, kenaka m'mimba mumadzaza madzi pamene manja ndi nkhope zikuonda. M'madera muno madzi a m'mimba ali ndi eni ake ena odziwika bwino, monga TB ya m'mimba ndi matenda a chiwindi obwera ndi likodzo, kotero khansa imaganiziridwa pomaliza. Ngakhale kuyeza magazi kotchedwa CA-125 sikuthetsa mkangano pakokha, pakuti TB ya m'mimba nayonso imakweza nambala yake.

Khansa ya amai aakuluyi imakonda kufalikira m'mimba momwemo. Imene imafika ku ubongo ndi ya mai mmodzi kapena awiri pa 100, ndipo yofika pa nembanemba njosowa kuposa apo, mwakuti madotolo akaipeza amailemba m'mabuku ao wodwala mmodzimmodzi. Khansa zimene zimachita izi kawirikawiri ndi ya m'mawere, ya m'mapapo ndi ina ya pa khungu. Chodabwitsa nchakuti mwa amai a khansa ya m'mazira vutoli limaoneka kwambiri mwa amene analandira chithandizo n'kukhala bwino zaka zingapo. Mankhwala monga carboplatin ndi paclitaxel amasesa m'mimba, koma kuseri kwa mpanda uja safikako mokwanira, ndiye maselo amene anabisala kumeneko amapeza nthawi yomera.

Apa palibe chifukwa chonamizana. Mwa mai wamkulu, khansa ikafika pa nembanemba za ubongo sichizika, ngakhale ku zipatala za ku Ulaya. Popanda chithandizo munthu amakhala milungu inai mpaka isanu ndi umodzi, ndipo ndi chithandizo ambiri amakhala miyezi yowerengeka. Komabe kusachizika sikutanthauza kuti palibe chochita. Dexamethasone amachepetsa kutupa m'mutu, morphine amathetsa ululu, alipo mankhwala oletsa kukomoka ndi kusanza, ndipo mai amene ululu wamuleka amatha kulankhula ndi ana ake, kugawa zake ndi kupemphera mwa mtendere. Banja limene lauzidwa zoona siligulitsa njinga, mbuzi ndi malata pofunafuna mankhwala amene kulibe.

Mitundu yosowa ija ndiyo imagwira achichepere. Wina umamera kuchokera ku mbeu yeniyeni ya dzira, ndipo umapezeka mwa atsikana a zaka khumi ndi mphambu mpaka makumi awiri ndi mphambu. Umakula msanga, ndipo uli ndi msampha woipa: zotupa zina za mtunduwu zimatulutsa m'magazi chinthu chomwe chija chimene thupi la mai woyembekezera limatulutsa, kotero poyeza mkodzo timizere tiwiri timaoneka ngakhale mtsikanayo sanadziwepo mwamuna. Wothetsa mlandu ndi makina ounikira m'mimba, amene achipatala kuno amati ecografia, pakuti amaonetsa poyera ngati m'chiberekero muli mwana kapena mulibe. Mtundu umenewu umamva mankhwala kwambiri. Ukapezeka msanga, oposa asanu ndi anai pa khumi amachira, ndipo kawirikawiri dotolo amachotsa thumba limodzi lokha n'kusiya linzake ndi chiberekero, mtsikanayo n'kudzabereka ana patsogolo.

Ulinso wina waukali wa maselo ang'onoang'ono, umene Dr Robert Scully ndi anzake a ku Boston ku America anaufotokoza m'chaka cha 1982. Odwala ake ambiri amakhala a zaka za m'ma 20, ndipo m'chaka cha 2014 akatswiri anapeza kuti gwero lake ndi kuonongeka kwa kambeu kena ka chibadwa kotchedwa SMARCA4, kamene nthawi zina kamayenda m'banja. Nchifukwa chake ngati m'banja mwanu amai, azakhali kapena achemwali angapo anadwalapo khansa ya m'mazira kapena ya m'mawere, muuzeni dotolo asanakufunseni, ndipo muwerenge a kuchimuna omwe, osati a mbumba ya kuchikazi okha.

Chotupa cha Burkitt

Koma mtsikana uja wa pa mphasa, ngati ali wa m'zigwa za kumwera kwa Niassa, dotolo wodziwa ntchito ayamba waganizira dzina lina: Burkitt. Kunena mwachindunji, iyi si khansa yobadwira m'mazira. Ndi khansa ya maselo oyera a m'magazi, asilikali a thupi aja, koma mwa ana aakazi imakonda kukamanga msasa m'mazira, kawirikawiri mbali zonse ziwiri nthawi imodzi, ndipo pa khansa za ana ndi imodzi mwa zimene zimathamangira ku nembanemba za ubongo.

Mwini dzinali, Denis Burkitt, anali dotolo wa opaleshoni wochokera ku Ireland, munthu wa diso limodzi pakuti linzake linaonongeka ali mwana. M'chaka cha 1957, akugwira ntchito pa chipatala cha Mulago ku Kampala, Uganda, anaona kamnyamata kotupa nsagwada zonse, m'mwamba ndi m'munsi. Patangopita milungu yowerengeka anaonanso kena kotere, kameneka kalinso ndi zotupa m'mimba. Anafufuza m'mabuku a chipatala ndipo m'chaka cha 1958 analemba za ana 38. Chimene iye anazindikira ndi chomwe chija chimavuta mabanja mpaka lero: kuti chotupa cha nsagwada, cha m'mimba, cha m'mazira ndi kufa kwa miyendo si matenda anai, koma amodzi.

M'chaka cha 1961 Burkitt ndi madotolo anzake awiri, Ted Williams ndi Cliff Nelson, anakwera galimoto yakale ya Ford n'kuyenda milungu khumi, mtunda wa makilomita pafupifupi 16,000, kuyendera zipatala zoposa 50 kum'mawa ndi kumwera kwa Africa, kuphatikizapo za ku Nyasaland, imene lero ndi Malawi. Pali ponse ankaonetsa zithunzi n'kufunsa ngati ana otere amaoneka. Mayankho anajambula mapu. Nthendayi inali yochuluka kotentha ndi kwa mvula, m'mphepete mwa nyanja ndi m'zigwa za mitsinje, koma yosowa ku mapiri ozizira. Cha ku Nyasaland malire ake anali pa mamita pafupifupi 900 kuchokera pa nyanja ya mchere. Cuamba iri pansi pa mulingo umenewu, chimodzimodzinso madambo a Amaramba ndi Chiuta kumene mtsinje wa Lugenda umayambira, pamene Lichinga iri pamwamba pa mamita 1,300. Mapu amenewa ndi a udzudzu.

Nkhani inamveka bwino m'chaka cha 1964 pamene Anthony Epstein, Yvonne Barr ndi Bert Achong a ku London anapeza kachirombo katsopano m'tinyama timene Burkitt ankawatumizira kuchokera ku Kampala. Kachiromboka, kamene lero kamatchedwa Epstein-Barr, pafupifupi mwana ali yense mu Africa amakatenga ali wamng'ono kudzera m'malovu, ndipo mwa ambiri sikachita kanthu. Koma mwana akamadwala malungo mobwerezabwereza chaka ndi chaka, asilikali a thupi amachulukana mopupuluma, ndipo mwa ana owerengeka selo limodzi limalakwika n'kuyamba kuswana kosaleka. Kafukufuku amene anasindikizidwa m'chaka cha 2016, woyerekeza zipatala zazikulu za Maputo, Beira ndi Nampula, anapeza kuti nthendayi imaoneka kwambiri kumpoto kwa Mozambique kusiyana ndi pakati ndi kumwera. Neti ya udzudzu imene yapita kokagwira usipa kapena kokatchinga dimba la tomato yasiya ntchito ziwiri, osati imodzi.

Burkitt imagwira kwambiri ana a zaka zapakati pa 4 ndi 9, anyamata kuposa atsikana, koma ofika zaka 14 sakhala kunja. Palibe chotupa china mwa munthu chimene chimakula mwa liwiro lotere: maselo ake amatha kuwirikiza kawiri m'tsiku limodzi kapena awiri. Banja likati tidikire tigulitse fodya, kapena tidikire malume ake abwere kuchokera ku Nampula adzalamule, chotupacho sichidikira nao.

Liwiro lomwelo ndilo kufooka kwake, pakuti mankhwala a khansa amakantha kwambiri maselo amene akuswana msanga. Burkitt mwini anaona zotupa zikuluzikulu zikusungunuka m'masiku owerengeka atapereka methotrexate kapena cyclophosphamide. M'maiko olemera ana asanu ndi anai pa khumi amachira. Kutsidya kwa malire, pa chipatala cha Queen Elizabeth ku Blantyre, Pulofesa Elizabeth Molyneux pamodzi ndi Pulofesa Peter Hesseling wa ku South Africa anagwira ntchito zaka zambiri kukonza njira yotsika mtengo yoyenera zipatala za kuno, kuphatikizapo ndondomeko ya masiku 28, ndipo pafupifupi theka la ana amene anailandira anali moyo opanda nthenda chaka chitatha. Theka si chiwerengero chonyadira, koma popanda mankhwala sapulumuka ndi mmodzi yemwe.

Singano ya pa msana

M'ndondomeko zonsezi muli chinthu chimodzi chimene makolo amachiopa kuposa khansa yeniyeniyo: kutenga madzi a pa msana. Mbiri inafala kale, kuyambira ku Massangulo mpaka ku Mangochi, yakuti munthu akamubaya pa msana sadzuka. Ambiri ali ndi mbale amene anamubaya Lachiwiri n'kumwalira Lachinai. Koma funso loyenera nlakuti mbaleyo anali wotani Lolemba. Singano imeneyi imabaidwa kwa anthu amene afika kale ali kayakaya, a matenda oumitsa khosi, ambiri atachedwa masiku ku nyumba. Chimawapha ndi chimene anabwera nacho, ndipo singano imangosenza mlandu chifukwa ndi imene abale anaiona ndi maso.

Singanoyo imalowa kunsi kwa msana, cha m'chiuno, malo amene mtsempha waukulu uja watha kale. Madzi otengedwa amakhala supuni ya tiyi imodzi kapena ziwiri, ndipo thupi limawabwezera pasanathe ola limodzi kapena awiri. Ena amamva mutu tsiku limodzi kapena awiri pambuyo pake. Zoona, ilipo nthawi imene kubaya kumakhala koopsa, monga pamene m'mutu muli chotupa chopanikiza ubongo, ndipo nchifukwa chake dotolo amayamba wamuyeza wodwala, kumuunika m'maso, ndipo nthawi zina amaimitsa kaye. Mbale ali ndi ufulu wofunsa kuti akufuna kupeza chiani.

Chimene akufuna kupeza nchofunika, pakuti mutu, khosi louma ndi kukomoka ziri ndi eni ake ambiri kuposa khansa. Alipo malungo a mu ubongo, matenda oumitsa khosi obwera ndi mabakiteriya, TB ya mu ubongo, ndiponso mwa anthu amene ali ndi HIV, nkhungu yotchedwa cryptococcus. Ali onse ali ndi mankhwala akeake, ndipo madzi aja ndi amene amaulula. Kuyeza malungo pa chala kumasocheretsanso: m'nyengo ya dzinja ana ambiri a ku Mandimba ndi Ngauma amayenda ndi tizirombo ta malungo m'magazi, kotero kuyezako kukhoza kuonetsa malungo pamene chikumupweteka mwanayo ndi china. Mwana akamaliza mapiritsi onse a Coartem koma diso likadali chigwere, abwerere naye tsiku lomwelo, ndipo m'malo mongoti "sakuchira", mai anene zonse motsatana: mimba inayamba liti, mutu liti, diso liti. Achipatala aone mimbayo ndi manja ao ngakhale chimene mwabwerera ndi mutu.

Maselo a khansa sagwidwa nthawi zonse ulendo woyamba. Mwa akuluakulu, kubaya koyamba kumawapeza mwa theka la odwala okha, kotero dotolo akapempha kubwereza sikuti analakwitsa kapena akugulitsa madziwo.

Kwa mwana wa Burkitt singanoyo ndi njiranso ya mankhwala. Popeza mankhwala a mu dripi salumpha bwino mpanda uja, dotolo amathira methotrexate m'madzi momwemo kuti akafike kumene maselo abisala. Amachita izi ngakhale kwa mwana amene mutu sukumupweteka, pofuna kutseka khomo nthendayo isanalowe. Apa ndi pamene mabanja ambiri amapunthwa. Pakatha mlungu umodzi mimba yaphwa, mwana akudya nsima ndi kuseka, ndalama yatha, ku munda udzu wakula, ndipo kunyumba kwatsala ana ena. Mai amanga katundu usiku n'kuthawa singano zotsalazo. Pakapita miyezi iwiri kapena itatu mwana abwera pa machira, mimba iri bwinobwino koma maso akuyang'ana kosiyana ndipo miyendo yafa. Ikabwerera chonchi, kuichiza kumavuta kwambiri.

Miyendo iri ndi lamulo lake. Mwana amene ali ndi chotupa akayamba kukoka mwendo, kugwa poyenda kapena kulephera kukodza, ndiye kuti mtsempha wa mu msana wapanikizika. Akalandira mankhwala m'tsiku limodzi kapena awiri akhoza kuyendanso. Pakadutsa milungu, khansa ikhoza kuchira koma miyendo osabwerera. Imeneyi si nkhani yodikira kuti kuche bwino kapena kuti atemere kaye mphini.

Ulendo wake

Mtunda ndi mdani wina. Kuchokera ku Cuamba kukafika ku Lichinga ndi makilomita pafupifupi 300 pa mseu wa N13, Mandimba ali chapakati, ndipo Massangulo, likulu la boma la Ngauma, ali pakati pa Mandimba ndi Lichinga. Mseuwu tsopano ndi wa tara, osati matope a kale aja amene ankagoneka malole m'dzinja. Wodwala amayamba kwa mlangizi wa zaumoyo wa m'mudzi kapena pa chipatala chaching'ono, n'kutumizidwa ku chipatala cha boma. Wa ku Ngauma njira yake yachidule ndi ya ku chipatala cha chigawo ku Lichinga, pamene wa ku Cuamba ali ndi chipatala chachikulupo pakhomo, ndiponso mseu ndi sitima yopita ku Nampula, makilomita pafupifupi 350, kumene kuli chipatala chachikulu cha kumpoto konse. Kutsimikiza khansa kumafuna kutenga kanyama kapena timadzi ta m'chotupa kuti katswiri akaunike pa maikulosikopu, ndipo ntchito imeneyi imachitika pa zipatala zikuluzikulu. Makina owotcha khansa anatsegulidwa pa chipatala chachikulu cha Maputo m'chaka cha 2019, koma mwamwai Burkitt ndi khansa ya mbeu ya dzira mankhwala ake enieni ndi a mu dripi, osati makinawo.

Si chinsinsi kuti anthu ambiri a ku Mandimba amaoloka pa Chiponde, kutsika phiri la Namwera kupita ku Mangochi, ena mpaka ku Zomba ndi Blantyre, pakuti kumeneko kuli abale ndipo chilankhulo nchimodzi. Choopsa si kusankha mbali iyi kapena iyo. Choopsa ndi kuyamba mankhwala tsidya lino, kulekeza pakati, n'kukayambanso tsidya linalo popanda pepala liri lonse, dotolo watsopano osadziwa chimene mwana analandira kale. Kalata yotumizira, imene kuno amati guia, zotsatira za ecografia, khadi la mankhwala ndi la HIV ngati liripo, zonse zikhale mu jumbo imodzi ndipo ziyende ndi wodwala. Ndi bwinonso kuti achibale akhale pansi ulendo usanayambe, agwirizane amene adikirire mwana ku chipatala mwezi wathunthu kapena kuposa, amene alime munda wake, ndi amene azitumiza ufa ndi ndalama ya chapa. Mpingo, mzikiti ndi a mfumu amasonkha msanga pa maliro, ndipo msonkho womwewo ukanatha kulipira maulendo anai a ku Lichinga.

Palinso mbali ya sukulu ndi ukwati. Lamulo limene linkakankhira atsikana a pakati ku makalasi a usiku linathetsedwa m'chaka cha 2018, ndipo kuyambira 2019 ndi mlandu mu Mozambique kukwatitsa mwana wosakwana zaka 18. Mphunzitsi kapena mfumu imene yamva kuti mtsikana wamng'ono watupa mimba, choyamba imutumize ku chipatala, mlandu ubwere pambuyo. Ngati alidi ndi pakati pa msinkhu umenewo, akufunikabe dotolo. Ngati alibe, ndiye kuti milungu imene ikanathera pa bwalo kusakasaka mnyamata yapulumuka.

Mwana akamaliza mankhwala onse, anamwino amalemba pa khadi masiku obwera kudzaonedwa, ndipo amawauza makolo kuti mutu watsopano, diso lopotoka kapena mwendo wolemera asadikire tsiku la pa khadilo. Burkitt ikafuna kubwerera imabwerera msanga, kawirikawiri m'miyezi yoyambirira. Mwana amene wadutsa miyezi 12 popanda chizindikiro chiri chonse, madotolo amamuwerengera m'gulu la ochira.